Titero Kunena Kwake

Nkhani iyi anandiuza ndi a Sylvester, amene amasunga mabuku pa koleji ina ya m'chigwa cha Domasi. Dzina la bambo awo sanandiuze, inenso sindinafunse. Tinakumana pa Naisi, pakhonde la golosale, mvula itatipanikiza masana ena m'mwezi wa Febuluwale. Ine ndinkachokera ku Malosa wapansi, monga ndimachitira miyendo ikayamba kundiyabwa. Iwo anali ndi njinga yamoto yoopa madzi kuposa mwini wake.

Anayambitsa zonse ndi mwini golosale. Ndinamupempha madzi akumwa, iye n'kuti, "Ndikubwera," n'kulowa kuseri. Mpaka lero sanabwere. Ndiye ndinayamba kung'ung'udza. Ine ndayenda, ndipo mawu otopetsa ndawamva ambiri. Kondakitala amati "tikunyamuka pompano" m'minibasi muli anthu atatu. Mdzukulu wanga amati "ndili panjira" ali gone pamphasa. Ku maofesi kale ankati "bwerani mawa," masiku ano amati "netiweki yavuta," koma nsapato zako zimatha chimodzimodzi. Ndinawandandalikira zonsezi a Sylvester, ndikuyesa aseka. Sanaseke.

"Madala," anatero, "mawu a munthu musamawawerenge. Ine ndinawerengapo."

Ndinatulutsa kope langa m'chikwama. Mvula inali isanaganize zoleka.

A Sylvester kwawo ndi ku Ntcheu. Ku Domasi anabwera ndi ntchito, n'kukwatira a Leah, a m'mudzi wina wa mwa Malemia, ndipo ali ndi mwana mmodzi, Lisa. Amakhala m'nyumba ya koleji, koma Lamlungu lililonse ankapemphera kumudzi kwa akazi awo, m'kanyumba ka mapemphero kofolera udzu. Abusa ankafikako kamodzi pa miyezi iwiri kudzadyetsa mgonero. Masabata ena onse ankalalikira akulu a mpingo, ndipo wolalikira kawirikawiri anali a Makaiko, amalume awo a Leah.

A Makaiko anali mlimi wa chimanga ndi nandolo, aafupi, a jekete limodzi labulauni lomwe linaona maliro ndi maukwati a mudzi wonse. Ndiwo anayendetsa chinkhoswe cha a Leah. Ndiwonso anadulira a Sylvester kadimba m'mbali mwa mtsinje, n'kunena kuti munthu wodya za m'sitolo zokha sachedwa kudwala. Chilema chawo chinali chimodzi. Sankatha kunena ziganizo ziwiri osaikapo "titero kunena kwake."

"Abale," ankatero paguwa, "munthu wolima mochedwa, titero kunena kwake, asanamizire mvula. Mtima nawo, titero kunena kwake, ndi munda. Ukausiya, titero kunena kwake, umamera nsongole."

Anthu a m'mudzi mawuwa ankawamva monga amamvera chigayo: chimasokosa, koma ukakhala nacho pafupi umaiwala. A Sylvester sanaiwale. Akuti mawuwo ankawalowa m'khutu ngati udzudzu, mpaka ulaliki wonse unkasanduka kudikira kuti abweranso liti.

Kuntchito kwawo ali ndi kawerengedwe kawo. Wophunzira aliyense akalowa m'nyumba ya mabuku, amalemba kamzere pakhadi: timizere tinayi toimirira, kachisanu kopingasa, ngati mtolo wa nkhuni. Lamlungu lina anapeza khadi lotsala m'thumba la malaya, cholembera chili pomwepo. Analibisa m'buku la nyimbo n'kuyamba kulemba kamzere mawu aja akamveka. Tsiku limenelo anapeza 61. Sabata yotsatira 74.

Akanasunga okha, bwenzi palibe nkhani. Koma Lolemba pa tiyi wa teni koloko anaonetsa anzawo awiri: a Keith, mphunzitsi wa Chingerezi, ndi a Prudence, mlembi wa mu ofesi ya mkulu wa koleji. Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse linali ndi mwambo wake.

"Aise Sylvester, apongozi dzulo agoletsa zingati?" ankafunsa a Keith asanathire n'komwe shuga.

"87."

"Eee, timu ili pa fomu. Ameneyu ligi atenga."

"Inu a Keith musaseke anzanu," ankatero a Prudence. "'Mwandimva' wanu uja ana atayamba kumuwerenga, makadi angathe mu laibulale."

"Wanga ndi wantchito ameneyo. Boma limandilipira kuti ndizifunsa. Nanga inu, 'abwana atuluka pang'ono'? Munthu ali ku Lilongwe sabata yathunthu, inu pang'ono."

"Ndiye ndiziti chiyani? Athawa?"

Ankaseka, tiyi n'kuzizira. A Makaiko anapatsidwa dzina loti a Titero, ngakhale a Keith ndi a Prudence anali asanawaonepo nkhope.

Tsono mpingo uja unali ukumanga tchalitchi cha njerwa. Chinatenga zaka khumi ndi chimodzi. Anayambitsa ndi a Makaiko, ndipo chaka chilichonse akakolola ankatsogolera anthu kudambo kukaumba njerwa, kuotcha, kututa mchenga pamutu. Ena mwa amene anayamba nawo anamwalira khoma lisanafike pawindo. Chaka chimenecho chinatha, ndipo anakonza zodzachitsegulira Loweruka lina mu Seputembala. Akulu a mpingo anagwirizana kuti mbiri ya ntchito yonse adzainene ndi a Makaiko, pamaso pa abusa ndi alendo. Munthu wina woyenera panalibe, ndipo iwo eni akuti anali akudikira tsiku limenelo kuyambira njerwa yoyamba.

Kalata yoitana inafikanso ku koleji, chifukwa antchito a kumeneko anathandizapo malata. Mkulu wa koleji anavomera kuti adzapita.

"Ine ndidzabwera ndi khadi langalanga," anatero a Keith. "Tidzawerengera limodzi, pasakhale kubera. Ndikuti tsiku limenelo a Titero adutsa handiredi."

A Sylvester anaseka nawo, koma mwapamwamba chabe. Kuseka munthu pa tiyi n'kwina. Kuti abwana ako adzakuone utakhala pabenchi ngati mkamwini wa munthu yemweyo n'kwinanso.

Patapita masiku a Makaiko anabwera okha ku koleji, mapepala ali m'jumbo. Anavula chipewa pakhomo pa nyumba ya mabuku ngati akulowa m'tchalitchi.

"Bambo a Lisa, inu ndinu ophunzira, titero kunena kwake. Ndalemba mbiri ija, koma dzanja langa ndi la khasu. Mundilembere pa makina, ndipo pamene pakhota, titero kunena kwake, muwongole."

A Sylvester analemba. Panalibe zambiri zowongola. Lachitatu masana anapita nayo kumudzi, n'kuwapeza a Makaiko okha m'tchalitchi chatsopano, akupaka laimu kukhoma, jekete atalipachika pamsomali. Anawapatsa pepala. Mkuluyo analigwira m'mphepete ndi nsonga za zala kuti lisade, n'kuyamba kuthokoza. Pamenepo a Sylvester anatulutsa makadi khumi ndi anayi omanga ndi mphira.

"Amalume, pali kanthu kena kakang'ono."

"Izi ndi chiyani?"

Anawafotokozera. Akuti anasankha mawu aulemu kwambiri, anayamba ndi kuyamikira, monga amaphunzitsira ku misonkhano ya kuntchito. A Makaiko anamasula mphira, n'kumayendetsa chala cha laimu pa timizere tija, mtolo ndi mtolo.

"Zonsezi ndi ine?"

"Ndi inu, amalume."

"Lamlungu limodzi?"

"Khadi limodzi, Lamlungu limodzi."

Anatembenuza khadi kuti aone kuseri. Kunalibe kanthu.

"Nanga zimene ndinkalalikirazo munalemba pena?"

A Sylvester anapukusa mutu.

"Anthu amaseka?"

"Ena."

"A ku koleji?"

"Ine ndangofuna kuti tsikulo lidzakhale laulemu, amalume. Kubwera anthu akuluakulu."

Mkuluyo anasonkhanitsa makadi aja. Laimu ankadontha kuchokera pabulashi kugwera pachala chaphazi.

"Zikomo, ti..." Anadzigwira, n'kumeza malovu. "Zikomo. Mwandithandiza."

Anaika makadi aja m'thumba la jekete pamodzi ndi pepala, n'kubwerera kukhoma. A Sylvester anakwera njinga yawo akudziona ngati dokotala amene wachotsa munthu dzino lobooka.

Lamlungu lotsatira a Makaiko sanalalikire, anasiyira mkulu wina. Anangoimirira kulengeza za tsiku lotsegulira, mawu anayi asanu, pang'onopang'ono ngati munthu woyenda paminga, thukuta lili kamukamu. Pa sabata imeneyo amayi opita kumtsinje anayamba kunena kuti a Makaiko akulankhula okha kudimba. Akuti ankaimirira pakati pa mpiru, pepala kumanja, ndipo mawu aja akawapulumuka ankadzimenya pantchafu n'kuyambiranso pachiyambi.

Kutatsala masiku anayi, kunyumba ya koleji kunabwera mayi awo a Leah, mlongo wawo wa a Makaiko. Anali asanabwerepo osatumiza uthenga. Anakana mpando, n'kukhala pansi kumapeto kwa khonde, nkhope kuloza kumtengo wa gwafa. Pa zaka zisanu ndi zinayi, iwo ndi mkamwini wawo anali asanalankhulanepo zoposa moni. Tsiku limenelonso sanalankhule nawo. Analankhula ndi mwana wawo, a Sylvester ali chiimire pakhomo.

"Leah, uwauze apongozi angawa kuti achimwene anga anabadwa ndi chibwibwi. Osati chapang'ono. Amayi ankawatuma mchere kusitolo, iwo n'kubwerako chimanjamanja, chifukwa afika pakauntala mawu oti mchere akana kutuluka, anthu ayamba kuseka, iwo athawa. Sukulu anasiyira Sitandade 3 chifukwa cha kuwerenga mokweza. Mkazi anakawafunsirira ndi ine. Uwauze."

"Akumva, amayi."

"Uwauzebe. Ali mnyamata kunabwera mlaliki wina woyendayenda, ndiye anali ndi mawu akewo, titero kunena kwake. Achimwene pobwerera kunyumba anawayeserera mwanthabwala, n'kupeza kuti atuluka osakodwa. Anawanenanso, osakodwa. Anapeza kuti lilime likafuna kumangika, akaponda pa mawu amenewo, mawu otsatirawo amawoloka. Ali ngati mwala wa pamtsinje. Wokongola ayi, koma ndi umene umakufikitsa tsidya. Zaka makumi anayi akuwolokera pamenepo. Tsopano ndikumva kuti wina wauchotsa."

A Leah anatembenuka. "Bambo a Lisa, munawapatsa chiyani amalume?"

Za makadi a Leah anali asanazimve. A Sylvester anafotokoza, ndipo akuti pofotokoza kachiwiri aka mawu aulemu aja sanapezekenso.

"Ine za chibwibwi sindinkadziwa," anatero.

"Nanga alipo amene sadziwa?" anayankha a Leah.

Mayi aja anadzuka, n'kukutumula chitenje. "Uwauze kuti mudzi wonse mawu amenewo amatitopetsa. Ine amanditopetsa kuposa aliyense, ndawamva kuyambira ndili namwali. Koma sitinawalembepo." Tiyi amene anawaphikira anamusiya osamukhudza.

Lachinayi a Sylvester anaweruka msanga n'kulunjika kudimba. Mawu anali atawakonza, ndipo ankawabwereza njira yonse: amalume, makadi aja muwataye, muzilankhula monga kale. Anawapeza akuthirira.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Bwino."

"Mpiru wakula."

"Wakula."

"Nsabwe za m'masamba sizinavute chaka chino?"

"Pang'ono."

Anakamba za madzi kuti akuphwa msanga. Anakamba za feteleza. Mkuluyo ankayankha liwu limodzilimodzi, ndipo asanalitulutse ankaliyeza kaye m'kamwa. A Sylvester akuti mawu awo aja anafika pammero katatu. Koma nthawi iliyonse ankaona nkhope ya a Keith ndi cholembera, ndi mkulu wa koleji akubisa kuseka m'kampango. Ndiye anadziuza kuti pepala lilipo, munthu powerenga sasowa mwala, adzangotsatira mizere. Potsazika, a Makaiko anathyola mpiru wambiri, n'kuumanga ndi luzi, n'kuwamangirira okha kumbuyo kwa njinga.

"Wa Lisa," anatero.

A Sylvester anaulandira.

Loweruka kunadzaza. Amayi a Mvano ndi mabulauzi awo oyera anaimba kuchokera kumsewu, abusa anagogoda chitseko n'kutsegula, anthu n'kulowa m'kati monunkha laimu ndi simenti. Ana anakhala m'mawindo. Alendo a ku koleji anawapatsa mipando yakutsogolo, ndipo a Sylvester anapezeka pakati, kuno a Keith, uko mkulu wa koleji. A Keith anasolola khadi m'thumba, n'kuwagunda ndi chigongono.

"Lero ndi fainolo, aise."

Itakwana nthawi, abusa anaitana a Makaiko. Anaimirira ndi jekete lomwe lija, koma malaya anali atsopano, mizere ya m'paketi ikuonekabe. Anatambasula pepala.

"Abusa. Alendo athu. Abale ndi alongo."

Zinayenda. Anawerenga chaka chimene anthu anayamba kupemphera pansi pa mtengo wa mango. Anawerenga za kanyumba kaudzu, mmene kankadonthera. Pang'onopang'ono, koma zinkayenda, ndipo a Sylvester anayamba kupuma. Kenako anafika pa ntchito yawo yeniyeni.

"Chaka chimenecho tinayamba kuumba nj... nj..."

Mawu anakana. Mitsempha ya pakhosi inatupa, chibwano chinayamba kunjenjemera. Anabwerera pambuyo kuti athamangire. "Tinayamba kuumba nj..." Pomwepo. Mwana wina pawindo anaseka, wina n'kumutsina. M'tchalitchi monse munangoti zii, mpaka kumveka malata akulira ndi dzuwa.

A Makaiko anachotsa maso papepala. Sanayang'ane abusa, sanayang'ane mlongo wawo. Anayang'ana a Sylvester.

Apa pofotokoza, a Sylvester anasiya kaye, n'kumayang'ana madzi akugwa kuchokera padenga la golosale.

"Madala, maso aja ankapempha chilolezo. Mawu aja anali pamilomo, ndinkawaona. Ndikanangogwedeza mutu basi. Kamodzi."

"Ndiye?"

"Ndinayang'ana nsapato zanga. Yakumanzere inali ndi kadontho ka laimu. Ndikukakumbukira mpaka lero, kanali ngati njere ya mpunga."

Akuti a Keith anali atabweza kale cholembera m'thumba. Anawanong'oneza, "Aise, athandizeni mkuluyu." A Sylvester anakhala ngati sanamve.

Mayi wina wa Mvano anayambitsa nyimbo, monga amachitira amayi akaona kuti munthu wagwa pagulu, kuti amufunditse. Anthu anailandira mwamphamvu. Itatha ndime imodzi, a Makaiko anayesanso. Anadumpha njerwa zija n'kupita pamzere wotsatira, pamene panali maina a amene anamwalira ntchito ili mkati. Dzina loyamba linali la mnzawo amene ankapondera naye dothi. Linakana pa chilembo choyamba. Anaima pamenepo, kukamwa kuli yasa, misozi ya kukakamiza ikutsika. Kenako anapinda pepala kawiri, n'kulitambasulira kwa abusa.

Abusa analiyang'ana. "Analemba pa makina ndani? A Sylvester? Bwerani mutithandize, bambo."

Anapita. Nanga akanatani? Anawerenga, ndipo anawerenga bwino, mawu omveka mpaka panja, kupuma pamene pali mpumiro. Anawerenga za maenje a dothi, za uvuni wa njerwa umene unagwa ndi mvula chaka chachitatu, za amayi amene anatuta mchenga ali ndi ana kumbuyo. Anatchula maina onse a omwalira, anthu amene iwo sanawaonepo atagwira chikombole choumbira njerwa. Akuti ali pakati m'pamene anazindikira chinthu chimene sanachione polemba pa makina: m'mbiri yonseyo dzina la a Makaiko munalibe. Paliponse pamene panayenera kukhala iwo, analemba kuti "ena mwa ife."

Atamaliza, anthu anaomba m'manja, amayi n'kululutira. Mkulu wa koleji anawagwira chanza. "Mwatiimirira bwino, a Sylvester. Koleji yaoneka."

Nthawi ya chakudya a Makaiko sanaoneke pamphasa ya akulu. A Sylvester anawapeza kuseri kwa tchalitchi, akusanja njerwa zotsala, jekete ali chivalire.

"Amalume."

Mkuluyo anaika njerwa pamulu, n'kupukuta manja.

"Mwa... mwa... mwawerenga bwino."

Anapisa m'thumba, n'kutulutsa makadi aja, omangidwa ndi mphira womwe uja.

"Zanu."

Lolemba pa tiyi panalibe amene anafunsa zigoli. A Prudence anamwera wawo mu ofesi. A Keith podutsa anangoika khadi lawo patebulo la a Sylvester. Linali loyera, lopanda kamzere ngakhale kamodzi.

"Zimene ndinkafuna zinachitika," anandiuza a Sylvester. "Tsiku lonse lija mawu awo aja sanawanene."

A Makaiko anapempha akulu anzawo kuti awapumitse kulalikira. M'tchalitchi chimene anaumba ndi manja awo sanaimepo paguwa. Amafika m'mamawa, kusesa, kuimba belu, n'kukakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Amalalikira tsopano ndi ena, osakodwa, ndipo mayi wina wachikulire akuti anauza a Leah kuti nyumbayi ndi yokongola koma ndiwo zake mulibe mchere.

Panapita miyezi iwiri a Sylvester asananene mawu amene anakonzera kudimba aja. Anawanena tsiku lina akuthandizana kumanga khola. A Makaiko anamvetsera mpaka kumapeto, akukoka luzi ndi mano. Kenako anayesa, pomwepo, kuti mkamwini wawo aone.

"Ti... ti... ti..."

Anaseka pang'ono, n'kupukusa mutu. Anafotokoza mwa zidutswa kuti anayesapo kale ali okha. Kale mawuwo ankabwera osawaitana. Tsopano akawafuna amayamba awaona, timizere tinayi ndi kopingasa, ndiye lilime limaima.

"Mwala uja," anatero, "unachita ndere."

Sanawakalipire, ndipo a Sylvester akuti chimenecho ndicho chimawawa. Mpiru ukubwerabe. Apongozi aakazi anabwerera ku moni wokha. A Leah sanachoke, sanakweze mawu, koma a Sylvester akayamba kufotokoza zinthu patebulo monga amachitira anthu ophunzira, mkaziyo amangowayang'ana pakamwa, mwakachetechete, mpaka iwo eni amayamba kudzimva mawu amene amabwereza. Akuti ali nawo atatu. Sanandiuze kuti ndi ati.

Mvula inayamba kupepuka. A Sylvester anatsegula kachikwama ka panjinga n'kundionetsa makadi, khumi ndi anayi a timizere ndi limodzi loyera. Ena anali ndi zidindo za chala cha laimu. Ndinawafunsa chifukwa chake sawatentha. Anati anayesapo, koma anaona ngati akudzikhululukira okha. Anapukuta chishalo ndi mkono wa malaya, n'kuliza njinga, n'kulowera cha ku Domasi. Ine ndinatsala ndi ludzu langa, mwini golosale osabwerabe.

Nkhaniyi ndailemba monga anandiuzira, ndipo zambiri ndikuzikhulupirira, chifukwa munthu sapeka bodza lodzinyazitsa yekha kwa mlendo. Makadi ndinawaona ndi maso anga. Koma pali pamodzi pamene mtima wanga ukukana. Akuti za chibwibwi anazimva atapereka kale makadi. Munthu wakwatira pamudzi zaka zisanu ndi zinayi, wadya nawo, walira nawo maliro, mkazi wake akuti palibe amene sadziwa, ndiye iye yekha, amene khutu lake limagwira liwu lililonse, osamvapo? Ndinaonanso kuti pofika pamenepo sanandiyang'ane, anayang'ana nsapato. Ine ndikuganiza kuti ankadziwa asanamange makadi aja ndi mphira. Mwina ndikumulakwira munthu amene anandisungitsa nkhani yake pakhonde. Koma mbali imeneyo ndikuikayikira.